Mapaketi a QuEChERS poyeza mankhwala otsalira pa ndiwo zamasamba

Kwa anzathu a m'malabotale muno mu Harare amene mumayeza tomato ndi repu wochokera ku msika wa Mbare Musika, mapaketi a QuEChERS (njira yotulutsira mu sampulo zotsalira za mankhwala opopera mbewu, yogwiritsa ntchito michere yoyezedwa kale) a mtundu wa EN 15662, womwe ndi muyezo wa ku Ulaya, ndi oyenera ndalama zake. Njira ya QuEChERS inatuluka mu 2003. Kale sampulo imodzi inkadya mamililita oposa 100 a mankhwala osungunulira, acetone ndi dichloromethane, koma pano 10 mL ya acetonitrile ikukwanira, ndipo zigubu za zotayidwa sizidzaza msanga.

Perani sampulo ili yozizira kwambiri, ikani 10 g m'chubu cha 50 mL, thirani acetonitrile n'kukhutchumula mphindi imodzi. Kenako khuthulirani paketi yonse: 4 g magnesium sulphate, 1 g sodium chloride, 1 g trisodium citrate ndi 0.5 g disodium hydrogen citrate. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Magnesium sulphate akangokumana ndi madzi amatentha, chubu chimafunda m'manja, ndipo mukazengereza amaundana ngati mibulu ya mu nsima. Zikatero madzi salekana bwino ndi acetonitrile. Khutchumulani pomwepo, chubu chimodzi chimodzi. Kutenthako kumawononganso mankhwala ena amene mukuyeza, monga captan ndi folpet, n'chifukwa chake tikuti sampulo ikhale yozizira. Kenako zunguzani chubu mu centrifuge (makina olekanitsa zinthu pozizunguza) mphindi 5 pa mphamvu ya 3000 × g.

Poyeretsa, 25 mg PSA (ufa wokoka zosafunika monga shuga ndi ma asidi) ndi 150 mg magnesium sulphate pa mililita iliyonse ya acetonitrile yomwe yayandama pamwamba zimakwanira kwa tomato. Repu amafuna GCB, ufa wa kaboni wochotsa kubiriwira, koma samalani nayo: imakokanso mankhwala oyezedwa monga chlorothalonil ndi thiabendazole, zotsatira n'kutsika pamene mankhwalawo alimo. Pa ufa wa chimanga tengani 5 g, onjezani madzi 10 mL kuti unyowe kaye. Mtedza ndi mapeyala ndi zamafuta, pamenepo pamafunika C18, ufa wokoka mafuta.

Chodandaulitsa n'chakuti glyphosate ndi paraquat, amene alimi amapopera kwambiri m'minda, amatsalira m'madzi, paketiyi siwatulutsa. Amafuna njira ina, ya QuPPe, yogwiritsa ntchito methanol.

Mtengo ndi wokwererapo poyerekeza ndi kudziyezera mchere nokha, koma wodziyezera ayenera kuwotcha magnesium sulphate pa 500 °C kwa maola 5 kuti achotse ma phthalate (mankhwala ochokera mu pulasitiki amene amadetsa sampulo), ndipo magetsi akathima pakati ntchito yaima. M'dzinja paketi yobooka imayamwa chinyezi. Ikalimba ngati mwala, itayeni. Acetonitrile naye ndi poizoni ndithu, asalowe mu sinki.