Snapseed, Lightroom, Photoshop ndi GIMP: Ndi Iti Imene Imasunga Khungu la Munthu?

Kasitomala akauza wojambula kuti "mundikonzeko pang'ono", kawirikawiri amatanthauza kuti chiphuphu chichoke ndiponso thukuta la pamphumi lisanyezimire, osati kuti abale ake alephere kumuzindikira. N'chifukwa chake mapulogalamu okonzera zithunziwa ndikuwayesa ndi muyeso umodzi: kodi amalola kuchotsa banga n'kusiya timabowo ta khungu ndi mtundu wake weniweni, kapena amasankha okha mmene munthuyo ayenera kuonekera?

Snapseed, imene inapangidwa ndi Nik Software mu 2011 n'kugulidwa ndi Google mu 2012, ndi yaulere ndipo sifuna bandulo pokonza chithunzi. Chida chake cha Healing chimachotsa bwino chiphuphu chimodzi kapena ziwiri, koma chikayandikira milomo kapena nsidze chimakoka mtundu wa pambali n'kuupaka posayenera. Chida cha Portrait chimasalaza khungu ndi kuwalitsa nkhope, ndipo pa munthu wa khungu lakuda kuwalitsako kukapitirira, nkhope imatuwa ngati yapakidwa phulusa pamene khosi ndi manja zatsala mmene zinalili. Pa chithunzi chimodzi cha pa Facebook, Snapseed imakwanira ngati dzanja lili lopepuka.

Wojambula amene wabwera ku ukwati kapena ku chinkhoswe ndi zithunzi mazanamazana ali ndi vuto lina, ndipo pamenepa Lightroom ya kampani ya Adobe, imene inatuluka mu 2007, ndiyo ikuposa zinzake. Mumakonza kuwala ndi mtundu pa chithunzi chimodzi n'kukopera zomwezo ku zonse zojambulidwa pa malo amodzi, kotero kuti mkwatibwi saoneka wakuda pa chithunzi ichi n'kuyera pa chotsatira. Siwononga fayilo yoyambirira, imatsegula RAW (mafayilo a zithunzi osakonzedwa, mmene atulukira mu kamera), ndipo kuyambira mu 2022 imatha kusiyanitsa yokha khungu la kumaso, milomo, mano ndi maso kuti chilichonse chikonzedwe padera. Ine ndimaona kuti kutsitsa Highlights (malo owala kwambiri) pamphumi pokha ndi kuchepetsa Texture (kuonekera kwa timabowo ndi timizere ta khungu) pang'ono kumathetsa madandaulo ambiri a zithunzi zojambulidwa masana m'nyengo yotentha. Chovuta n'chakuti zida zosankhira khunguzi n'zolipira mwezi ndi mwezi pa khadi ya kubanki m'ndalama zakunja, zimene ku Malawi zakhala zikusowa.

Photoshop, imene abale awiri, Thomas ndi John Knoll, anaiyambitsa ndipo inatuluka mu 1990, nayonso yakhala yolipira mwezi ndi mwezi kuchokera mu 2013. Mphamvu yake ili pa njira ziwiri zimene akatswiri amadalira. Ya frequency separation imagawa chithunzi pawiri, mtundu ndi mithunzi pakepake, timabowo ndi titsitsi pakepakenso, kuti muthe kufananiza mtundu wa patsaya popanda kufafaniza khungu. Ya dodge and burn ndi yowalitsa timadontho takuda ndi kudetsa towala, kamodzikamodzi, ndipo ngakhale imadya nthawi, ndi imene imasiya nkhope ikuoneka yamoyo. GIMP, imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba mu 1995 ali ophunzira ku Berkeley, imachita zonsezi popanda kulipira, chifukwa fyuluta yake ya Wavelet decompose imagawa chithunzi mofananamo, ndipo GIMP 3.0 ya mu March 2025 imalola kubwerera n'kusintha mafyuluta ambiri pambuyo pake. Imachedwetsa pa ntchito yochuluka, komanso RAW imafuna kudutsa kaye mu pulogalamu ina, monga darktable kapena RawTherapee, koma wophunzira amene ali ndi kompyuta ndi nthawi sayenera kudikira ndalama za Photoshop kuti ayambe.

Mapulogalamu amene sindiwakhulupirira ndi aja ongodina kamodzi. Facetune, ya kampani ya Lightricks ya ku Jerusalem, kuyambira mu 2013 yapeputsa kuchepetsa mphuno ndi kuonetsa nsagwada zowonda, moti munthu amapitirira malire asanazindikire. Remini, ya Bending Spoons ya ku Milan, imatumiza chithunzi pa intaneti ndipo nzeru zopangidwa (AI) zimadzaza zimene sizikuoneka mongoyerekeza. Pa chithunzi chakale cha malemu agogo, chimene mwina ndi chokhacho banja lili nacho, pulogalamu yotere ikhoza kuika maso ndi mano amene sanali awo, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa adzukulu adzakula akukumbukira nkhope ya munthu wina. Nkhani ya khungu lakuda m'makina ojambulira ndi yakalekale: kwa zaka zambiri otsuka zithunzi ankayesa mitundu pogwiritsa ntchito makadi a Kodak otchedwa Shirley, okhala ndi mayi wa khungu loyera. Choncho batani lililonse lokonza lokha ndi loyenera kuliyang'anitsitsa, poyerekeza nkhope ndi khosi musanasunge.

Mayiko ena afika poikapo lamulo. Ku Norway, kuyambira mu July 2022, chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi kapena khungu la munthu zasinthidwa chiyenera kukhala ndi chizindikiro chonena zimenezo. Pa chithunzi cha pasipoti, palibe pulogalamu imene ikuyenera pa onsewa, ndipo amene ali ku Britain adziwe kuti malamulo akumeneko amakaniratu chithunzi chosinthidwa pa kompyuta. Potumiza ntchito yomalizidwa pa WhatsApp, ndi bwino kuitumiza ngati Document, chifukwa ikapita ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ndipo timabowo ta khungu timene mwatisamala timafafanizika.