Chimbale cha White Christmas: gule wa "Choreography" musamudumphe

Chimbale cha Blu-ray cha filimu ya White Christmas ndinachigula makamaka chifukwa cha gule mmodzi amene amakanganitsa oonera Khirisimasi ikamayandikira. Filimuyi ndi ya mu 1954, ya kampani ya Paramount, ndipo inali yoyamba kutuluka mu VistaVision, kajambulidwe kamene kankapereka chithunzi chachikulu komanso chooneka bwino. Pa chimbalechi phindu lake silikubisika. Zovala zofiira zimene anakonza Edith Head zikuwala, ndipo mapazi a ovina akuoneka onse.

Nkhani yake ndi yosavuta. Bing Crosby ndi Danny Kaye akusewera ngati asilikali akale amene atchuka ndi zoimba. Atsagana ndi atsikana awiri apachibale, omwe akuseweredwa ndi Rosemary Clooney ndi Vera-Ellen, kupita ku Vermont, dera la ku America, komwe hotela ya mkulu wawo wakale wa kunkhondo yasowa alendo chifukwa chipale chofewa sichinagwe.

Pokonzekera chionetsero chopulumutsa hotelayo ndi pamene pabwera gule wa "Choreography". Kaye watulukira atavala zakuda zokhazokha, kachipewa kali pendekete, atazunguliridwa ndi akazi ovala madiresi aatali otuwa amene akudzipinda uku ndi uku, nkhope zili ndwii. Akusereula kavinidwe katsopano ka katswiri wa magule Martha Graham, ndipo nyimbo ya Irving Berlin ikudandaula kuti akatswiri ovina mogogoda nsapato ataya luso lawo.

Odana naye guleyu ndawamva, ndipo zonena zawo si zopanda mutu. Amati mulibe Khirisimasi, nkhani imaima, ndiye iwo amangodina batani n'kudumpha. Ena zimawapweteka kuona Graham, mayi amene anasintha kavinidwe ku America, akusekedwa chonchi. Koma odumphawo amaphonya chimene guleyu anapangidwira. Pakati penipeni Vera-Ellen amatsika kuchokera kumwamba atavala zapinki, phazi limodzi likugogoda pansi mwaliwiro loti diso limalephera kutsatira. Kenako wovina mnzake John Brascia alowa, awiriwo n'kuvina mpaka iwe woonera mtima uli m'mwamba. Kuuma konse kwa akazi otuwa aja kunali kumulambulira njira Vera-Ellen. Robert Alton, amene anakonza magule a mufilimuyi, ankadziwa chimene ankachita.

Kaye uja sanali woyamba kuganiziridwa pa gawo limene anasewerali. Katswiri wovina Fred Astaire anakana, wovina wina Donald O'Connor anadwala, ndipo mpata unagwera iye. Mphamvu yake inali nthabwala ndi nkhope, n'chifukwa chake kuvina kolemetsa ndi Vera-Ellen kambiri anakusenza Brascia. Mu "Choreography" aliyense wapatsidwa chimene amatha, ndipo ine ndimaukonda guleyu pa chifukwa chimenechi.

Gule amene amandilemera mumtima ndi wina, uja wa "Mandy", amene amayamba ndi kuyamikira zionetsero zakale za minstrel. M'zionetsero zimenezo azungu ankadzipaka zakuda kumaso n'kumanyoza anthu akuda. Muno palibe wadzipaka, inde, koma nyimbo ikuzikumbuka mwachisangalalo. Mu filimu ya Holiday Inn ya mu 1942 Crosby anadzipakadi poimba "Abraham", ndipo nyimbo yomweyo ikumveka muno yopanda mawu, Vera-Ellen ndi Brascia akuivina. Makolo oonera ndi ana aime kaye pamenepa n'kuwafotokozera. Zimandidabwitsa kuti ambiri amapsa mtima ndi kachipewa ka Kaye koma apa n'kungodutsa.

Chimbalechi chili ndi ndemanga za Rosemary Clooney, zimene mungatsegule kuti azilankhula filimu ili mkati, ndipo n'zokoma kumvera. Amene ali ndi wailesi yakanema yaikulu ndi amene adyerere kwambiri, makamaka pa phazi la Vera-Ellen lija.