Malo oyezera zida za ndege amene amadziwa polekezera ufulu wa mwini ndege

Ndege yanga ya RV-7 ndinaimanga ndekha ndi zipangizo zochokera ku kampani ya Van's Aircraft, ndipo bungwe la FAA, lomwe limayang'anira za ndege ku America, linaipatsa satifiketi ya gulu la experimental, momwe mumalowa ndege zomangidwa ndi eni ake. Singano ya altimeter, chida chosonyeza kutalika kumene ndege yafika, itayamba kudumphadumpha, ndinapeza kapaipi ka mpweya kong'ambika kuseri kwa zidazo n'kukasintha, ndiponso ndinapotoza pang'ono kasikuluwu kosinthira muyezo wa chidacho.

Malo awiri amene ndinayamba kuwaimbira foni anakana kundiyezera chidacho, ponena kuti mwini ndege saloledwa kugwira zida zotere. Mfundo imeneyi imagwira ntchito pa ndege zopangidwa kufakitale, kumene ngakhale makaniko wa laisensi ya A&P, yokonzera thupi ndi injini ya ndege, alibe chilolezo chokonza chida chenichenicho. Koma gawo 43 la malamulo a FAA, lonena za amene angakonze ndege, silikhudza ndege za experimental zomangidwa ndi eni ake, choncho munthu aliyense akhoza kuzikonza. Mmisiri wa malo achitatu, amene ndikuwayamikira pano, ankadziwa bwino kusiyana kumeneku. Anandiuza mwaulemu kuti sindinaphwanye lamulo lililonse, koma iye adzasaina m'buku la ndege pokhapokha makina ake atavomereza.

Ufulu wa mwini ndege umalekezera pamenepo. Lamulo 91.411 limafuna kuti ndege youluka modalira zida zokha, m'dera loyang'aniridwa ndi olondolera ndege, iyezedwe altimeter ndi mapaipi ake pa miyezi 24 iliyonse, komanso kuti mapaipiwo akatsegulidwa ayezedwenso ngati sakutaya mpweya. Satifiketi yanga ya repairman, imene FAA imapatsa munthu womanga ndege yake, imandilola kuyendera ndegeyi chaka ndi chaka basi, ndipo makina oyezera ndilibe.

Chimene chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti mmisiriyo anandilola kuimirira pambali pake. Anamata kabowo kamodzi ka m'mbali mwa ndege kolowera mpweya wopita ku altimeter, n'kulumikiza makina ake pa kabowo kenako, ndipo anakoka mpweya mpaka singano inakwera mafiti 1,000. Tonse tinayang'anitsitsa wotchi kwa mphindi imodzi. Singano sinatsike kufika pa mafiti 100 amene ndiwo malire, kutanthauza kuti kapaipi kanga ndinakaika bwino. Vuto linaonekera pa mafiti 10,000, pomwe lamulo limalola kuphonya ndi mafiti 80 okha, koma chida changa chinapitirira malirewo. Kupotoza kwanga kunangochititsa kuti chizioneka cholondola ndege ili pansi, pamene nthenda yeniyeni inali mkati, ndipo ndikanauluka nacho mumitambo ndili ndi chikhulupiriro chonse. Sanandinyoze kapena kundikakamiza kugula chatsopano, anangochichotsa n'kukachikonzera pa tebulo lawo. Anayezanso transponder, chida chodziwitsa olondolera ndege pamene ndege ili, monga lamulo 91.413 limafunira.

Dandaulo langa ndi la nthawi. Ndinadikira milungu itatu kuti andipatse tsiku, ndipo mtengo wonse sanandiuze mpaka ntchito itatha, zomwe si bwino kwa munthu amene wamanga ndege ndi ndalama za m'thumba mwake. Ngakhale zili choncho, zimene analemba m'buku la ndege n'zomveka bwino, ndipo anandipatsanso pepala losonyeza mmene chidacho chinawerengera pa msinkhu uliwonse. Miyezi 24 ikadzakwana ndidzapitanso komweko, koma ndidzafunsiratu mtengo.