Kupatula makasitomala pa maseva enieni: flat, VLAN, VXLAN kapena switch yakeyake?

Tikabwereketsa makina a virtual (VM), hypervisor, pulogalamu yogawa seva imodzi kukhala makina ambiri, imakhala m'manja mwathu, ndipo ndiyo imaletsa uthenga wa kasitomala uyu kufika kwa uja. Pa seva yathunthu, ija ya bare metal, hypervisor palibe. Wobwereka ali ndi root, ulamuliro wonse pa sevayo. Atha kusintha IP, kusintha MAC, kuzimitsa firewall imene munamuikira, osakupemphani n'komwe. Ngakhale ma security group, malamulo a firewall a Neutron (gawo la OpenStack loyendetsa netiweki) amene timawadalira pa VM, nthawi zambiri sagwira pa port ya bare metal, poti amakhazikitsidwa pa hypervisor yomwe ija. Ndiye malire ayenera kukhala kunja kwa seva, kumene dzanja la wobwereka silifika.

Tiyerekeze kuti muli ndi raki imodzi ku Nchalo. Seva ina yabwerekedwa ndi koparetivu ya alimi a nzimbe yosungira malipiro, ina ndi SACCO, ina ndi bungwe lolemba mayina a mabanja amene madzi anawasamutsa ku Nsanje. Zimenezi ndi ndalama za anthu ndiponso mayina a anthu ovutika, ndipo chikhazikitsireni lamulo loteteza deta mu 2024, zikatayika funso lifika kwa inu.

Njira ya flat ndi imene ambiri timayambira, chifukwa Ironic, gawo la OpenStack loyendetsa maseva a bare metal, imadzuka nayo msanga ndipo switch iliyonse imatheka. Maseva onse amakhala pa netiweki imodzi, pamodzi ndi DHCP (yogawa ma IP) ndi PXE (yodzutsira seva kudzera pa netiweki) zoikira OS. Zili ngati nyumba za lendi za mdadada zimene khoma silinafike kudenga: aliyense ali ndi chitseko chake, koma zoyankhula za mnzako umazimva zonse. Wobwereka mmodzi atha kunamiza ARP, njira yofunsira MAC ya mwini IP, n'kumalandira uthenga wa mnzake. Choopsa kwambiri n'chakuti atha kuyatsa DHCP yake, ndipo seva ina ikamadzuka n'kufunsa komwe itenge OS, iye n'kuyankha msanga kuposa inu. Flat ndimaivomera pokhapokha maseva onse ali a bungwe limodzi. Makasitomala akangofika awiri, ayi.

Ena amathawira mbali inayo: kasitomala aliyense switch yake, mawaya ake. Kumbali ya chitetezo palibe chotsutsa, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo amaona ndi maso. Koma ife tikudziwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu zimadutsa madigiri 40. Switch iliyonse yowonjezera ndi moto wina m'chipinda, ndiponso katundu wina pa UPS. Amene munalipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, mukukumbukira mmene tinkawerengera chilichonse chodya batire. Komanso seva ikasintha mwini, munthu ayenera kupita kukasolola waya. Ngati katswiri wanu amakhala ku Blantyre ndipo msewu wa M1 waduka m'dzinja, kasitomala adikira.

Pa VLAN, njira yogawa switch imodzi kukhala netiweki zingapo zosaonana, ndiye pamene ndikufuna tichedwepo. Muyezo wa 802.1Q umapereka nambala ya mabiti 12, kutanthauza ma VLAN 4094 ogwiritsika ntchito. M'mizinda ikuluikulu amadandaula kuti ndi ochepa. Kuno kuchigwa sitidzawamaliza. Chofunika ndi amene akusintha VLAN pa port. Kuyambira pa Newton, mtundu wa OpenStack wotuluka mu 2016, Ironic ili ndi network interface yotchedwa neutron. Seva ikamaikidwa OS, port yake imalowetsedwa pa netiweki ya provisioning. Ikatha, Neutron imaichotsa kumeneko n'kuiika pa VLAN ya kasitomala. Akabweza seva, imapita pa netiweki ya cleaning kuti disiki ifufutidwe. Motero wobwereka sakumana ndi PXE yanu ngakhale kamodzi. Driver ya networking-generic-switch imachita zonsezi polowa mu switch kudzera pa SSH, ndipo imadziwa mitundu ingapo monga Cisco, Arista, Dell ndi Juniper. Funsani kaye ngati yanu ilipo musanagule.

Mavuto ake ndi enieni, ndipo ambiri amachokera kwa ife anthu. Ironic imadziwa kuti seva ili pa port iti kudzera mu local_link_connection, mmene mumalembedwa switch ndi nambala ya port. Mukalakwitsa pamenepo, kapena wina akasuntha waya osasintha zolembazo, Neutron idzaika VLAN ya SACCO pa port ya munthu wina, ndipo palibe chenjezo limene lidzalire. Kwa ife nkhaniyi si yongoganizira, chifukwa madzi akamabwera zipangizo zimanyamulidwa mwachangu kupita pamalo okwera, kenako n'kulumikizidwa ndi anthu otopa. Zikatero yendetsaninso inspection ya Ironic kuti LLDP, njira imene switch imalengezera ma port ake, iwerenge ma port mwatsopano, musanabweze seva kwa aliyense. Chinanso, port yopita kwa kasitomala ikhale access (yonyamula VLAN imodzi), osati trunk (yonyamula ma VLAN ambiri). Pa Cisco zimitsani DTP, imene ingasandutse port kukhala trunk yokha. VLAN 1 musaipatse ntchito, ndipo native VLAN ya ma trunk, ija yoyenda yopanda tag, isakhale ya kasitomala aliyense, chifukwa kulumpha VLAN poika ma tag awiri kumadalira pamenepo. Mawu achinsinsi a switch nawonso asungeni mosamala, poti amene ali nawo ali ndi makasitomala anu onse.

VXLAN, imene imakulunga uthenga wa netiweki ya kasitomala mkati mwa mapaketi a IP, imakopa chifukwa cha nambala yake ya mabiti 24, netiweki zoposa 16 miliyoni, zoyenda pa UDP port 4789 pamwamba pa IP wamba. Koma pa bare metal musalole kuti seva ya kasitomala ikhale VTEP, malo okulungira ndi kumasulira mapaketi a VXLAN, chifukwa mwamubwezera mphamvu ija. VTEP iyenera kukhala pa switch ya pamwamba pa raki, ndipo kuchoka pa switch kufika pa seva mumagwiritsabe VLAN. Ndiye zonse ndanena pamwambazi mukhala nazobe, kuwonjezerapo BGP EVPN yodziwitsana ma switch komwe seva iliyonse ili, ma switch odula ogulidwa ndi ndalama zakunja, ndi munthu wodziwa kuzikonza usiku zikavuta. Phindu lake limaoneka mukakhala ndi malo awiri, monga raki ya ku Nchalo ndi ina kumtunda ku Blantyre yothawirako madzi, zimene pambuyo pa Freddy mu 2023 aliyense wanzeru akuziganizira. Apo kumbukirani zinthu ziwiri. VXLAN imawonjezera mabayiti 50 pa paketi iliyonse, choncho funsani wokupatsani laini ngati MTU, kukula kwa paketi kololedwa, ingafike mabayiti 1550 kapena kuposa. Apo ayi ping idzayenda bwinobwino koma mafailo akuluakulu azidzaima panjira. Komanso VXLAN sibisa uthenga. Ikadutsa pa laini ya kampani ina, muikepo IPsec yobisa uthengawo.

Pali ma DPU monga BlueField ya NVIDIA, khadi lokhala ndi purosesa yakeyake limene limayika malire pa seva pomwepo koma wolamula ndi inu. AWS imabwereketsa bare metal kudzera mu Nitro mwa nzeru yofananayo. N'zabwino, koma kwa raki imodzi mtengo wake sindiuona chifukwa.

Ine ndikadasankha VLAN yoyendetsedwa ndi Neutron, ndipo ndalama zotsalazo ndikadagulira switch imodzi yaing'ono ya BMC yokha, kachipangizo ka mkati mwa seva kolamulira sevayo muli kutali. Apa ndiye pamene mawaya osiyana ali oyenera. IPMI kapena Redfish, njira zolankhulira ndi BMC, imazimitsa seva, imaiyatsa, imaonetsa sikirini, imalowetsa disiki yakutali. Wobwereka akafika pa BMC ya mnzake, ma VLAN anu onse alibenso ntchito. Maseva ena amabwera BMC ikugawana port imodzi ndi netiweki wamba, choncho lowani mu BIOS muisinthe ipite pa port yake yapadera. Mukamaliza, bwerekani seva imodzi ngati kasitomala, yatsani tcpdump yoonera mapaketi odutsa, ndipo yesani kufika pa UDP 623, port ya IPMI, ya BMC ya seva yoyandikana nayo. Ikayankha, musalandire kasitomala wachiwiri kufikira mutakonza.