Ku Japan: Kugona Kuhositelo Kapena Pakhomo pa Eni Dziko?

Gulu la aphunzitsi kapena alangizi a zaulimi likapita ku Japan kukasulidwa pa ntchito kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko cha mayiko ena, kawirikawiri limagona pamalo a bungwelo, monga ku Tsukuba. Kumeneko kuli ngati kuhotela: chipinda chakochako, chakudya chokonzakonza, intaneti, ndipo madzulo umacheza ndi anzako za zomwe mwaphunzira. Thupi limapuma. Koma dzikolo umangolionera pawindo la basi.

Kugona pakhomo pa banja, ngakhale usiku umodzi, ndi nkhani ina. Nsapato umavulira polowera, pamalo otchedwa genkan, ndipo kuchimbudzi kuli masilipasi akeake (ukaiwala kuwavula potuluka, manyazi ake ndi osanena). Kubafa umayamba wasamba ndi sopo pambali, kenako n'kulowa m'madzi otentha omwe enanso a m'banjamo alowemo ukatuluka. Mlendo ndiye amapatsidwa ulemu woyamba kulowa. Usanadye umati "itadakimasu" (mawu othokoza chifukwa cha chakudya), ndipo timitengo todyera sutizika mumpunga chifukwa zimenezo amachita pamaliro. Usapite chimanjamanja: tiyi wa ku Thyolo kapena chitenje ndi mphatso yokwanira, ndipo umapereka ndi manja awiri ngati kwathu kuno.

Zovuta zilipo ndithu. Chingerezi chikasowa mumalankhulana ndi manja, ndipo kugona pansi, pa matiresi otchedwa futon, kumauvuta msana wozolowera bedi. Ine ndingasankhe kukhala pakhomo Loweruka ndi Lamlungu, masiku a ntchito ndizibwerera kuchipinda changa kukalemba malipoti.