Vinyo wophika kapena wosaphika pa tebulo la Myuda

Myuda wosunga malamulo a zakudya akamagula vinyo wa kosher, ndiye kuti wololedwa ndi malamulo a Chiyuda, amapeza mitundu iwiri: wophika, wotchedwa mevushal, ndi wosaphika. Onse ndi ololedwa. Kusiyana kumayamba botolo likatsegulidwa.

Wosaphika amafuna diso. Munthu amene si Myuda akangomuthira m'kapu, basi samwedwanso. Gwero lake ndi lakale: opembedza mafano ankathira vinyo kwa milungu yawo ngati nsembe. Aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, otchedwa arabi, adaletsanso ngakhale vinyo wamba wa anthu a mitundu ina, poopa kuti kumwera pamodzi kungabale maukwati ndi anthu akunja.

Wophika alibe vuto limeneli. Talmud, buku lakale la ziphunzitso za arabi, m'chigawo cha Avodah Zarah, imamuchotsa pa chiletsochi, poti vinyo wotere sankaperekedwa nsembe. N'chifukwa chake malo odyera ndi maphwando a ukwati amakonda ameneyu: operekera zakumwa ambiri si Ayuda.

Nanga kuphikako kufike pati? Apa ndi pamene pali mkangano weniweni. Rabi Moshe Feinstein wa ku New York adavomereza kutentha kwa pafupifupi madigiri 80. Rabi Shlomo Zalman Auerbach wa ku Jerusalem adakayikira njira yamakono yotenthetsa vinyo kwa kamphindi chabe, poti kukoma kwake sikusintha kwenikweni. Mfundo yakeyi ndimaiona kuti ndi yolemera: ngati vinyo sadasinthe, chamumasula n'chiyani?

Palinso nkhani ya Sabata, tsiku limene Ayuda amalidalitsa ndi pemphero atanyamula kapu ya vinyo. Maimonides, rabi wotchuka wakale, adati wophika sayenera kudalitsira tsikuli, popeza sankaloledwa pa guwa la Kachisi. Shulchan Aruch, buku la malamulo a Chiyuda, imalola, komabe mabanja ena amasungira wosaphika mapemphero a pakhomo ndi makapu anayi amene amamwedwa pa mgonero wa Pasika.