FM transmitter, AUX kapena adaputa ya kumbuyo: njira yabwino yolumikizira foni ku wailesi ya galimoto yakale

Magalimoto ambiri amene timaitanitsa kuchokera ku Japan atayenda kale, monga Toyota Vitz, Passo, Sienta ndi Mazda Demio a m'zaka za m'ma 2000, amafika ndi wailesi ya kufakitale yomwe imatha kuliza CD bwinobwino koma siitha kulandira nyimbo za pa foni popanda waya. Ena amaona chizindikiro cha Bluetooth pa wailesiyo n'kukondwera, koma akalumikiza amapeza kuti ikungothandiza poyankha foni, chifukwa mawailesi ena akale alibe mbali ya Bluetooth yotchedwa A2DP, yomwe ndi imene imanyamula nyimbo. Kwa amene sakufuna kuchotsa wailesiyo, njira zodziwika zilipo zingapo, ndipo sizifanana ngakhale pang'ono.

Yotchuka kwambiri ndi FM transmitter, kachipangizo kamene mumazika poyatsira fodya. Kamalandira nyimbo kuchokera pa foni n'kuziulutsa ngati kanyumba kakang'ono koulutsira mawu, inu n'kutchera wailesi pa nambala yomweyo. N'kotsika mtengo, kamapezeka m'mashopu ambiri a zamagetsi, ndipo sikafuna amakaniko. Vuto lake pa magalimoto a ku Japan n'lakuti mawailesi awo akale amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe ma transmitter ambiri amene amagulitsidwa kuno amaulutsa kuyambira 87.5 mpaka 108 MHz. Choncho malo amene awiriwa amakumanirana ndi kampata ka 87.5 mpaka 90 kokha, ndipo kuti nyimbo zimveke bwino muyenera kupeza nambala yopanda wailesi ina mkati mwa kampatako. Nambala yomwe ili zii mu Lilongwe mwina siikhala choncho mukamayandikira Blantyre, popeza nyumba zoulutsira mawu zimagwiritsa ntchito manambala osiyana m'madera osiyanasiyana. Nyimbo imayamba kusokosera pakati pa ulendo, kenaka mawu a muulutsi n'kulowerera pamwamba pake.

Ngati galimotoyo anaikamo kale band expander kuti izigwira mawailesi a kuno, nkhani imasokonekera kwambiri. Kachipangizoka kamatsitsa manambala onse ndi mlingo umodzi, mwachitsanzo 14 MHz, moti transmitter yoikidwa pa 100.0 mumakaipeza pa 86.0, ndipo ma expander ena amaunjika mawailesi awiri pa nambala imodzi. Ngakhale zonse zitayenda bwino, FM imadula mawu okwera kupitirira pafupifupi 15 kHz, choncho musayembekezere kamvekedwe ka CD. Onetsetsaninso ngati poyatsira fodya pamazima mukatulutsa kiyi. Pa Toyota zambiri pamazima, koma pa magalimoto ena pamakhala moto usiku wonse, ndipo batire yofooka siichedwa kutha.

Njira yachiwiri ndi ya amene wailesi yawo ili ndi kabowo ka AUX ka mamilimita 3.5, kaya kutsogolo kwake, kaya m'kabokosi ka pakati pa mipando. Mumagula kolandirira Bluetooth n'kukazika pamenepo, ndipo mawu amalowa mu wailesi kudzera pa waya, osadutsa mumlengalenga. Mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa transmitter, koma kamvekedwe kake n'kabwino kutalitali, moti kwa ine munthu amene ali ndi AUX alibe chifukwa chogulira transmitter. Chovuta chimodzi chodziwika n'chakuti kolandirirako kakamatenga moto pa galimoto yomweyo, nthawi zambiri m'masipika mumamveka kulira kwa tswiii komwe kumakwera mukaponda mafuta n'kutsika mukaleka. Phokosoli limachokera ku alternator, ndipo limatha mukaika kachipangizo kosefa phokoso kotchedwa ground loop isolator pakati pa kolandirirako ndi kabowo ka AUX. Zolandirira zokhala ndi batire yakeyake zilibe phokosoli zikakhala kuti sizili pa chaja, kungoti muyenera kukumbukira kuzitchaja. Mabatani a pa chiwongolero angathe kukweza ndi kutsitsa mawu, koma sangasinthe nyimbo.

Kwa magalimoto amene akadali ndi wailesi ya kaseti, pali kaseti ya Bluetooth yomwe mumaiponya monga kaseti ina iliyonse. Imamveka bwinoko kusiyana ndi transmitter, koma imadalira malamba ndi timagiya ta wailesi ya zaka zoposa 20, ndipo nthawi zina wailesiyo imailavula yokha.

Njira yomwe ambiri saidziwa ili kumbuyo kwa wailesi. Mawailesi ambiri a kufakitale a nthawi imeneyo ali ndi polumikizira CD changer (bokosi losunga ndi kusintha ma CD angapo), ndipo makampani monga Yatour ndi GROM amapanga maadaputa amene amazikidwa pamenepo, wailesi n'kumaganiza kuti ikuliza CD pomwe ikuliza za pa foni. Mawu amamveka oyera, palibe waya wolendewera pa dashibodi, ndipo pa magalimoto ambiri batani lodumphira nyimbo, ngakhale la pa chiwongolero, limagwira ntchito. Imeneyi ndiyo yokwera mtengo mwa zonse, nthawi zambiri imafuna kuitanitsa kunja, ndipo pulagi yake iyenera kugwirizana ndendende ndi wailesi yanu. Toyota yokha ili ndi mapulagi awiri odziwika, ya timano 6+6 ndi ina yakale ya 5+7, choncho ndi bwino kutulutsa wailesi n'kujambula kumbuyo kwake musanalipire ndalama. Ngati galimotoyo mukhala nayo zaka zingapo ndipo ilibe AUX, ndalamayo siipita pachabe. Ngati mukuigulitsa posachedwa, transmitter ikukwanirani.

Musanalole wamagetsi a galimoto kuchotsa wailesi kapena kuzula batire, fufuzani ngati wailesiyo ili ya mtundu wa navi wa ku Japan (yokhala ndi sikirini yoonetsa mapu), chifukwa ina imadzitseka ikasowa moto ndipo imafuna khadi la SD la mapu kapena nambala yachinsinsi kuti iyakenso. Ogulitsa ambiri satumiza khadilo limodzi ndi galimoto, ndiye yang'anani kaye ngati lilimo m'kabowo kake.